Makina akale osokera: chuma chimene chikudyedwa ndi dzimbiri m'makomo

M'nyumba zambiri za m'matauni monga Balaka, Ntcheu, Luchenza, Mponela ndi Jenda muli chitsulo chakuda chimene chidasanduka tebulo loikapo wailesi kapena mbale za alendo. Chitsulocho ndi makina osokera amene adalipirira ana fizi ndi kudyetsa banja zaka zambiri, koma lero adangoti zii pakona chifukwa gudumu lidauma, kapena mota idayamba kufuka utsi mwini wake n'kuchita mantha.

Ogula zitsulo zakale akamadutsa ndi sikelo zawo, makina oterewa ndi amene amayamba kutuluka m'nyumba. Amagulitsidwa pa kilo ngati khasu lakutha, pamene banja lomwelo lili ndi mnyamata kapena mtsikana amene adamaliza Fomu 4 ndipo akusowa chochita. Chomvetsa chisoni n'chakuti ambiri mwa makinawa sadafe ayi. Chimene akufuna ndi mafuta, lamba watsopano ndi munthu wodekha.

Nkhaniyi yakula makamaka chifukwa makina atsopano ndi zipangizo zake zimachokera kunja. Boma lidatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu wochokera kunja adakwera mtengo. Kwa banja lopeza movutikira, kudzutsa makina a agogo ndi njira yachidule yopezera mpamba kusiyana n'kuyamba kusunga ndalama zogulira atsopano.

Kumene adachokera

Makina osoka ndi ulusi uwiri, wapamwamba ndi wapansi, adalembetsedwa ku boma la America m'chaka cha 1846 ndi Elias Howe. Patatha zaka zisanu, mu 1851, Isaac Merritt Singer adalembetsa makina ake amene adali osavuta kugwiritsa ntchito. Awiriwa adatengerana kukhoti ndipo mu 1854 Howe adapambana, moti Singer adayamba kumulipira. Komabe dzina limene lidafala padziko lonse ndi la Singer, makamaka chifukwa mnzake wa mu bizinesi, Edward Clark, adayambitsa mu 1856 njira yogulitsa makina pangongole yolipira pang'onopang'ono. Apa ndi pamene anthu wamba adayamba kukwanitsa kukhala ndi makina m'nyumba.

Kampaniyi idatsegula fakitale ku Glasgow m'dziko la Scotland mu 1867, ndipo ntchito itakula idamanga ina yaikulu pamalo otchedwa Kilbowie ku Clydebank. Pofika 1943 fakitale imeneyi idali itapanga makina pafupifupi 36 miliyoni, ndipo idatsekedwa mu 1980. Makina opangidwa kumeneko amadziwika ndi chilembo cha K pambuyo pa nambala ya mtundu wake, monga 15K, 66K, 99K ndi 201K. Clydebank ili m'mbali mwa mtsinje wa Clyde, mtsinje womwewo umene umadutsa pa Blantyre wa ku Scotland, kwawo kwa David Livingstone, kumene mzinda wathu udatenga dzina.

M'dziko muno luso losoka lidafala kwambiri kudzera m'mamishoni. Ku Providence Industrial Mission ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, imene John Chilembwe adayambitsa mu 1900, amayi ankaphunzira kusoka, ndipo mkazi wake Ida adali mmodzi mwa otsogolera ntchitoyi. Kenaka atelala adadzaza makonde a sitolo m'matauni, kumene munthu ankagula nsalu m'kati n'kutuluka nayo panja kukayezetsa.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha mu 1945, mafakitale a ku Japan adayamba kupanga makina otengera mtundu wa Singer 15, ndipo a ku China ndi ku India adachitanso chimodzimodzi. Butterfly wa ku Shanghai, amene ali pamakonde ambiri m'dziko muno, ndi wa banja lomweli. Ichi n'chifukwa chake bobini, shatulo ndi zina za makina a mtunduwu sizisowa m'misika, ndipo kawirikawiri zimalowana ngakhale mayina a makinawo ali osiyana.

Chinsinsi cha kulimba kwake

Makina akale akuda aja thupi lake ndi chitsulo, ndipo m'kati mwake muli zitsulo zokhazokha zimene zimakankhana ndi kukokana. Mulibe kompyuta. Chilichonse chimamasulidwa ndi sikuludiraiva, kutsukidwa ndi kubwezeretsedwa. Kuyambira cha m'ma 1960 ndi 1970 makampani adayamba kuika magiya a pulasitiki m'makina a m'nyumba kuti apepuke ndi kutsika mtengo. Magiya oterewa akakalamba amang'aluka, ndipo kupeza ofanana nawo pa Mponela kapena pa Jenda si nkhani yamasewera. Paja akuluakulu adati chikomekome cha nkuyu m'kati muli nyerere.

Makina akale ambiri amasoka msoko wowongoka basi, alibe zigizagi. Koma yunifomu ya sukulu, chilundu, diresi la chitenje ndi kuchepetsa zovala za pa kaunjika, zonsezi zimadalira msoko wowongoka womwewo. Telala amene ali ndi makina olongosoka sasowa ntchito sukulu zikamatsegulira mu Seputembala, nyengo ya maukwati ndiponso Khirisimasi ikamayandikira.

Amene akufuna kudziwa zaka za Singer wake ayang'ane nambala yodindidwa pachitsulo chapansi, kudzanja lamanja. Kampaniyi idasunga kaundula wa manambalawa, ndipo akupezeka pa intaneti. Ena amadabwa kupeza kuti makina amene akuwayesa chitsulo chachabe adapangidwa agogo awo asadabadwe.

Kudzutsa makina ogona

Lamulo loyamba n'lakuti gudumu louma silikakamizidwa. Kawirikawiri chimene chagwira si dzimbiri koma mafuta akale amene adauma n'kukhala ngati phula, kapena kaulusi kamene kadakodwa kuseri kwa shatulo. Wokonza amayamba wachotsa singano, bobini, shatulo ndi kachitsulo kophimba mano a makina, n'kuchotsa nyansi za nsalu ndi kaburashi. Nyansizi zimaunjikana pansi pa mano mpaka kulimba ngati bulangete, ndipo zimachititsa kuti nsalu isayende.

Akatero amadontheza parafini paliponse pamene chitsulo chikukhuzana ndi chinzake, pamwamba ndi pansi pomwe, n'kuwasiya makinawo usiku wonse. M'mawa amagwedeza gudumu pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo. Makina ena amamasuka tsiku lomwelo, ena amatenga sabata. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Kuwaika padzuwa kwa kanthawi kumathandizanso kufewetsa mafuta oumawo.

Parafini ndi wotsukira chabe. Gudumu likayamba kuzungulira, makina amapukutidwa n'kuthiridwa mafuta enieni a makina osokera, oyera ngati madzi aja, dontho limodzi pa bowo lililonse. Mafuta ophikira ndi amene apha makina ambiri m'makomo, chifukwa poyamba amaoneka ngati athandiza koma pakapita miyezi amamata n'kugwira chilichonse. Oyilo wa galimoto nayenso ndi wolemera kwambiri ndipo amadetsa nsalu za makasitomala.

Maluwa agolide a pathupi la makina amafuna ulemu. Sipiliti amasungunula vanishi amene amateteza maluwawo, ndipo sopo wamphamvu kapena sitiliwulu amawafufutiratu. Kansalu kofewa kodonthezedwa mafuta a makina n'kokwanira. Sitiliwulu wosalala ndi wa pazitsulo zoyera zokha zimene zachita dzimbiri.

Makina akayamba kuyenda koma osasoka bwino, choyamba kuunika ndi singano. Makina ambiri a m'nyumba amalandira singano yokhala ndi mbali imodzi yaphwatalala, ya mtundu wa 130/705H, pamene makina ambiri a m'mafakitale amalandira yozungulira. Pa Singer 66 ndi 99 mbali yaphwatalala imayang'ana kumanja, koma pa 201 imayang'ana kumanzere. Singano ikalowa chotembenuka, makina amadumpha msoko kapena kudula ulusi, ndipo mwini wake amathamangira kwa mmisiri kukalipira ndalama pa vuto la mphindi imodzi. Nambala 14 ndi ya nsalu wamba ngati chitenje, 16 ndi 18 ndi za jinzi ndi nsalu zokhuthala.

Ulusi ukamaunjikana kunsi kwa nsalu, ambiri amathamangira kukamasula kabawuti ka pashatulo. Koma nthawi zambiri vuto limakhala la ulusi wapamwamba, umene sudalowe bwino pakati pa timbale tiwiri toupana. Ulusi umalowetsedwa phazi la makina lili m'mwamba, chifukwa ndi pamene timbaleto timatseguka.

Mota ikayamba kuvuta

Singer idatulutsa makina oyamba a magetsi mu 1889, koma ambiri mwa makina a m'matauni mwathu ndi opalasa kapena opukusa ndi dzanja amene adawonjezeredwa kamota kumbuyo, komangidwa ndi bawuti imodzi pansi pa gudumu. Timamota totere timakhala ta mphamvu ya mawati pafupifupi 90 kapena 100.

Musadaiweruze mota, chotsani lamba n'kuzunguza gudumu ndi dzanja. Ngati likulemera, vuto ndi la makina, ndipo motayo ikungovutika ndi katundu woposa msinkhu wake. Mota yokakamizidwa chonchi imang'ung'udza, imatentha, ndipo mapeto ake imapsa. Lamba wothina kwambiri amachitanso zomwezo, pamene wokhwepa amaterereka mota n'kumangolira makina osayenda. Lamba woyenera amalola kupindika pang'ono akamudina ndi chala. Palinso kachitsulo kozungulira pakati pa gudumu kamene amamasula akamakulunga bobini. Kakaiwalika kosamanga, gudumu limazungulira koma singano ili chiimire.

M'kati mwa mota muli timakala tiwiri totchedwa maburashi, tokankhidwa ndi timasipuling'i kuti tizikhudza mphete ya kopa imene imazungulira. Magetsi amadutsa pamenepo. Maburashi amaperepeseka ndi ntchito, ndipo akafupika mota imayamba kuthetheka, kutha mphamvu, kapena kufuna kuti munthu ayambe waikankha ndi dzanja. Amatuluka pomasula tizivundikiro tiwiri takuda ta m'mbali mwa mota. Akatsala ochepera theka la sentimita, nthawi yawo yatha, ndipo amasinthidwa onse awiri pamodzi. Akale akamabwezeretsedwa, alowe monga momwe adatulukira, chifukwa nsonga yake idaperepeseka motsata mphete ija.

Mphete ya kopayo ikada ndi mwaye imapukutidwa ndi kansalu koyera, ndipo ikakanika imakhulidwa pang'ono ndi sandipepa yosalala kwambiri. Fumbi la makala lotsalira m'timipata ta pakati pa tizidutswa ta kopa limachotsedwa ndi kamtengo kosongola, osati ndi singano kapena waya.

Mafuta ndi mdani wa m'kati mwa mota. Akafika pa maburashi amasakanikirana ndi fumbi la makala n'kupanga phala lakuda limene limafuka utsi. Mota zambiri zakale za Singer zili ndi timachubu tiwiri tolandira girizi wofewa amene amayenda ndi kachingwe kukafika pamene shafuti ikuzungulira. M'timachubu timeneti simuthiridwa mafuta. Mota zina zili ndi kabowo ka mafuta kumapeto onse awiri, ndipo dontho limodzi pakapita miyezi ingapo n'lokwanira.

Koma mota ikamanunkha ngati vanishi wopsa, ndipo mawaya a kopa okulungidwa m'kati mwake ada bii, ndiye kuti yapsa. Amisiri okulunga mota za chigayo ndi mafani angathe kuikulunganso, koma pa kamota kakang'ono ka kumbuyo mtengo wake kawirikawiri umaposa wogulira katsopano, kamene kamabwera ndi chopondera chake. Kukulunganso kumakhala ndi phindu pa makina ngati Singer 201-2 ndi 15-91, amene mota yake idamangiridwa kuthupi ndipo imayendetsa makina ndi magiya m'malo mwa lamba.

Pamene pali ngozi

Apa ndi pamene nkhani ya makina imasanduka nkhani ya moyo. Mawaya a makina akale adakutidwa ndi labala, ndipo labala wa zaka 60 kapena 70 amauma n'kumanyenyeka ngati chikonda moyo chouma. Thupi la makina ndi chitsulo. Waya wosenda akakhudza thupilo, telala wopanda nsapato pasimenti yonyowa ndiye amasanduka njira ya magetsi. Makina amene amaluma pang'ono munthu akawagwira akupereka chenjezo, ndipo sayenera kulumikizidwanso mpaka wodziwa za magetsi atasintha mawaya onse kuchokera ku pulagi, ku chopondera, ku mota mpaka ku getsi. Kumata ndi pepala la pulasitiki kapena kulowetsa mawaya awiri m'soketi popanda pulagi ndi kuitana maliro. Ndipo aliyense wofuna kutsegula mota kapena chopondera ayambe wazula pulagi kukhoma, osangozimitsa switchi.

Chopondera chakale chili ndi timakala tathyathyathya tosanjikizana, kapena waya wochepetsa mphamvu ya magetsi. Chimafunda munthu akamasoka pang'onopang'ono nthawi yaitali, ndipo zimenezo si zachilendo. Koma chikamatentha mosagwirika, kapena makina akamangodziwa liwiro limodzi lokha lothamanga, ndiye kuti m'kati mwavuta. Chopondera sichiyenera kukhala pamulu wa tizidutswa ta nsalu.

Mota ndi zopondera zambiri zopangidwa ku Britain zili ndi kachipangizo kotchedwa kapasita, kamene kadaikidwa kuti makina asamasokoneze wailesi. Kakakalamba kamaphulika ndi utsi wonunkha, kapena kamalola magetsi kudutsa moti makina amayamba kusoka okha popanda wopondapo. M'madera ena zoterezi zingathe kubutsa mphekesera za ufiti, pamene wolakwa ndi kachipangizo kochepa ngati chala. Mmisiri amakachotsa kapena kuikapo katsopano, makina n'kukhalanso bwinobwino. Ichi n'chifukwa chakenso makina sasiyidwa olumikizidwa kukhoma usiku kapena pochoka pakhomo.

Vuto lina limabwera ndi makina otumizidwa ndi achibale kapena ogulidwa pa kaunjika. Magetsi a m'dziko muno ndi a mavoti 230, chimodzimodzi ndi a ku Britain ndi ku South Africa, moti makina ochokera kumeneko savuta, kupatula kuti a ku South Africa amafuna kusintha pulagi. Koma a ku America ndi a mavoti 110 mpaka 120, ndipo a ku Japan ndi a mavoti 100. Mota yotere ikalumikizidwa kukhoma mwachindunji imathamanga ngati yapenga n'kupsa posakhalitsa. Adaputa imangosintha maonekedwe a pulagi, siichepetsa mphamvu. Chofunika ndi thiransifoma yotsitsa magetsi, apo ayi kusintha mota, chopondera ndi babu. Zonsezi zidalembedwa pa kachitsulo kapamota, ndipo safunsa adadya phula.

Osataya chopalasa

Atelala ena akaika mota amagulitsa miyendo yachitsulo ya makina awo. Amene adachita zimenezi adalira mu 2022. Mu Januwale chaka chimenecho namondwe wa Ana adawononga malo opangira magetsi a Kapichira pa mtsinje wa Shire, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130, ndipo magetsi ankazima maola ambiri patsiku mpaka malowo adakonzedwa mu 2023. Telala amene adasunga chopalasa chake ankangochotsa lamba wa mota n'kukoleka wachikopa, ntchito n'kumapitirira, pamene mnzake ankakhala manja lende makasitomala akutukwana pakhonde.

Makina opalasa safuna zambiri. Lamba wachikopa akatamuka amadulidwa pang'ono n'kulumikizidwanso ndi kawaya kake, ndipo mfundo za kumiyendo zimafuna mafuta ngati mmene njinga imafunira. Banja lanzeru limasunga zonse ziwiri, mota ya masiku a magetsi ndi chopalasa cha masiku a mdima.

Kwa amene ali ndi makina akuluakulu a m'mafakitale, mota zakale za kilatchi zimazungulira nthawi yonse imene zayatsidwa, munthu akusoka kapena ayi, ndipo mayunitsi amatha msanga. Mota zatsopano za mtundu wa servo zimayenda pokhapokha munthu akaponda, sizichita phokoso, ndipo zimagwirizana bwino ndi magetsi a sola kwa amene ali ndi inveta yokwanira.

Pogula ndi pogulitsa

Wogula makina akale apite ndi kansalu ndi ulusi wake, asoke yekha mzere umodzi kapena iwiri, n'kuyang'ana msoko mbali zonse. Aone ngati thupi lilibe mng'alu, chifukwa chitsulo cha mtunduwu chikasweka n'chovuta kuwotcherera. Agwedeze mtengo wa singano kuona ngati sukusewera, ndipo aonetsetse kuti shatulo ilipo. Penti wonyezimira asamukope, popeza ena amapaka penti makina akutha n'kumatapo dzina lotchuka.

Wogulitsa naye achenjere ndi mphekesera. Mu 2009 ku Saudi Arabia kudabuka mbiri yakuti m'makina akale a Singer muli chinthu chodula chotchedwa red mercury. Anthu adagula makinawo pamitengo yosaneneka, ndipo ena adathyola mashopu a atelala. Zidali zabodza. M'makina akale mulibe chuma china chobisika kuposa ntchito imene angagwire.

Mabungwe ena akunja adazindikira kale phindu limeneli. La Tools for Self Reliance la ku Britain lakhala likutolera makina akale m'makomo a kumeneko, kuwakonza ndi kuwatumiza kumaiko a mu Africa kuphatikizapo Malawi. Kuno kwathu bungwe la TEVETA, limene lidakhazikitsidwa mu 1999, limayang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ndipo utelala ndi umodzi mwa maluso amene achinyamata amaphunzira. Koma wophunzira akamaliza amafuna makina, ndipo makinawo amafuna wowakonza. Amisiri odziwa makina akale ndi ochepa ndipo ambiri ndi achikulire, moti m'matauni ena telala amayenera kukweza makina pa minibasi mpaka ku Limbe kapena ku Lilongwe pa vuto la maburashi awiri. Wachinyamata amene angakhale pambali pa mmisiri wotere n'kuphunzira kutchera shatulo ndi kusamala mota sangasowe makasitomala, chifukwa khonde lililonse la sitolo lili ndi makina amene tsiku lina adzadwala.

Choncho banja lisadaitane wa sikelo, liyambe lavundukula nsalu imene idaphimba makinawo, lidontheze parafini, lidikire masiku angapo, kenaka liitane mmisiri adzaone mawaya. Ndalama ya chitsulo cha pa kilo imathera pa ndiwo za sabata imodzi, koma makina okonzedwa bwino angathe kusokera yunifomu adzukulu a amene akuwakonza lero.